Imfa ya agogo inalembedwa kuti?

FUNSO

Bambo Mkonzi,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Lilongwe koma kwathu ndi ku Golomoti. Agogo anga aamuna, bambo awo a mayi anga, anamwalira ine ndisanabadwe. Chomwe tikudziwa n'chakuti anabatizidwa ku Mua, anapitako ku Joni pa Wenela, ndipo anamwalirira kumudzi. Pachibale tasonkherana ndalama zoti tiwamangire chiliza, komanso ine ndikufuna kulemba mbiri ya banja lathu kuti ana anga adziwe kumene anachokera. Chatimanga ndi chaka. Amalume akuti maliro anachitika nthawi ya atsamunda, mayi aang'ono akuti dziko linali litalandira kale ufulu. Kodi ndikapita kwa DC ku Dedza ndikapeza chikalata cha imfa yawo?

Wowerenga wanu, Lilongwe

YANKHO

Mayi, mukakwera basi musatsikire pa boma la Dedza. Pitirirani mpaka pa Masasa, mutsetsereke Khwekhwelere, mukafike kaye kumudzi. Kwa DC mudzapitako pambuyo, ndipo mwina simudzafunikanso kutero.

Ndikutero chifukwa cha mmene lamulo linalili. Lamulo lolemba ana obadwa ndi anthu omwalira lomwe atsamunda anakhazikitsa mu 1904 linkakakamiza azungu ndi amwenye okha. Munthu wakuda akamwalira kumudzi, uthenga unkapita kwa mfumu, adzukulu n'kukumba manda, nkhani n'kuthera pomwepo. Titalandira ufulu lamulo lomwelo linapitirira kwa zaka zambiri. Lamulo latsopano la kalembera wa dziko linavomerezedwa mu 2010, n'kuyamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2015, ndipo kuyambira pamenepo m'pomwe imfa ya Mmalawi aliyense iyenera kulembedwa kudzera ku National Registration Bureau. Choncho mukakapeza kuti dzina la agogo mulibe m'mabuku a boma, musakaganize kuti wina anataya faelo. Imfayo boma silinailembe n'komwe.

Kaundula wanu woyamba ndi anthu, makamaka amayi achikulire omwe anagona pasiwa, naphika nsima ya adzukulu pa maliro amenewo. Koma muwafunse mwanzeru. Mukati "Agogo, chinali chaka chanji?" akuyankhani chaka chilichonse pofuna kuti musabwerere chimanjamanja. Afunseni zomwe maso awo anaona. Pogula nsalu ya maliro anapereka mapaundi ndi masheleni kapena makwacha? Kwacha inayamba mu 1971. Kamuzu anali atabwera? Anafika mu Julaye 1958, ndipo chipwirikiti chomwe anamangidwa nacho chinali mu Malichi 1959. Inali njala ya 1949 isanagwe kapena itadutsa? Anyamata anali akupitabe ku Wenela? Kamuzu analetsa ulendowo mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankachokera ku migodi. Funso lomwe siliphonya kawirikawiri ndi ili: ndani anali ndi pakati, ndani anali ndi mwana kumsana pa tsiku la maliro? Mwanayo lero ndi munthu wamkulu, ali ndi chiphaso cha unzika, mwinanso khadi la ubatizo. Afunseninso ngati kunali mvula, ngati chimanga chinali m'munda kapena m'nkhokwe, ngati mango anali atapsa. Mwezi umapezeka motero.

Amalume ndi mayi aang'ono muwafunse payekhapayekha. Mukawakhazika pamodzi wamng'ono angovomereza zonena za wamkulu, inu n'kuganiza kuti mwapeza mboni ziwiri pamene ndi imodzi.

Kenako pemphani kuti akutsegulireni sutikesi yakale ija, kapena thumba la pulasitiki lotsomekedwa kudenga. Mumapezeka zitupa za msonkho, makhadi a chipani omwe ankagulidwa chaka ndi chaka, khadi la mtulo wa kutchalitchi, makalata ochokera ku Joni. Chaka chomwe zitupazo zalekera chimanena kanthu. Chamtengo wapatali kuposa zonse ndi kope la chipepeso, kope wamba la ana asukulu lomwe mlembi wa pamaliro amalembamo kuti uje wapereka nkhuku, uje lichero la ufa, mudzi wakuti ndalama zakuti. Pamwamba pa tsamba loyamba mlembiyo amakonda kulemba tsiku. Mabanja ambiri amataya kope limeneli akatha kumeta, ndipo zimandipweteka mtima, chifukwa mulinso mayina a abale onse ndi midzi yomwe anachokera, zomwe inu wolemba mbiri mukuzisowa lero.

Za kumanda, ndinu mwana wa komweko, mukudziwa kuti sikulowedwa mwachisawawa. Yambani mwaonekera kwa amfumu, iwo akupatseni adzukulu oti akuperekezeni, pajatu m'midzi ina kumanda n'komwenso kuli dambwe. Mukafika, funsani kuti anagona pafupi ndi agogo ndani, ndipo anatsogola ndani. Ngati manda oyandikana nawo ali ndi chiliza kapena mtanda wolembedwa chaka, mwayandikira.

Tsopano ku Mua, komwe ndikuona kuti kuli mwayi wanu waukulu. Ansembe a White Fathers anafika ku Mua mu 1902, m'dziko la Inkosi Kachindamoto, ndipo mwambo wa mpingo wa Katolika ndi wakuti parishi iliyonse isunge buku la obatizidwa, la maukwati ndi la omwalira. Pamene boma linkawerenga nyumba kuti litolere msonkho, ansembe ankalemba munthu ndi dzina lake, makolo ake ndi mudzi wake. Pitani ku ofesi ya parishi, osati ku nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Chamare. Ku Kungoni, komwe kuli nyumbayo, malo omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, mukaphunzira zambiri za miyambo ya maliro ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo ndi bwino kukaonako ndi ana anu, koma mabuku a akhristu ali m'manja mwa bambo mfumu a parishi.

Musakayambe ndi buku la omwalira, poti simukudziwa chaka. Yambani ndi la obatizidwa kapena la maukwati. Mukapeza mzere wa agogo, yang'anani m'mphepete mwa tsamba, momwe ansembe ankawonjezamo za ulimbitso ndi ukwati, ndipo nthawi zina kamtanda kakang'ono ndi tsiku lomwalira. Mabuku akalewo ndi a Chilatini, olembedwa ndi inki, ena zilembo zinayamba kufufutika. Petulo mukamupeza ali Petrus, Yohane ali Joannes, ndipo Mtakataka analembedwa Ntakataka. Mutenge mayina onse omwe agogo anadziwika nawo: la ubwana, la ubatizo, lomwe analembetsa ku mgodi, ndi mfunda wawo. Mutengenso dzina la akazi awo, la makolo awo, ndi la mudzi monga unkatchulidwira nthawi imeneyo, chifukwa midzi yagawikana ndipo mafumu achuluka. Ma Petulo a kwa Kachindamoto ndi ambirimbiri, chomwe chikasiyanitse wanu ndi dzina la mayi ake ndi mudzi. Parishi nazonso zinagawidwa pamene Dayosizi ya Dedza inkakula, choncho funsani kuti mudzi wanu unkatumikiridwa kuchokera kuti m'zaka zimenezo. Ubatizo ukhoza kukhala ku Mua, imfa n'kulembedwa kwina.

Mukakonzekerenso kumva zomwe simunayembekezere. Mkhristu yemwe anatenga mitala kapena kubwerera ku gule nthawi zambiri sankaikidwa ndi mpingo, ndipo m'buku la omwalira sangapezekemo. Zikakhala choncho musakhumudwe nawo agogo, ndiponso musazibise m'mbiri yomwe mukulembayo. Tumizani uthenga musanapite, musafike Lamulungu kapena nyengo ya Pasaka, ndipo kumbukirani kuti mukupempha, mabukuwo muli zinsinsi za mabanja enanso. Owerenga a CCAP achite chimodzimodzi kwa abusa ndi alembi a mpingo wawo pansi pa Sinodi ya Nkhoma, pomwe Asilamu a kunyanja afunse kwa mashehe ndi kwa omwe anakonza sadaka.

Za Wenela: mabuku ake anatsala m'manja mwa bungwe la TEBA ku South Africa. Popeza agogo anabwerako amoyo, kumeneko kulibe tsiku la imfa yawo, koma nambala yawo ya ku mgodi ikapezeka m'sutikesi muja ikhoza kukuthandizani kudziwa chaka chomwe anamaliza ulendo wotsiriza. Mukatero mwadziwa kuti chaka chimenecho anali moyo.

Ku Zomba kuli National Archives of Malawi, yomwe inatsegulidwa mu 1947. Zambiri za boma zakale kwambiri zinapsa ndi moto womwe unatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919, koma malipoti a ma DC a zaka zotsatira alipo, ndipo amanena za njala, miliri, milandu ndi kulowa ufumu kwa mafumu. Munthu wamba satchulidwamo kawirikawiri, pokhapokha ngati anali nyakwawa, msilikali wa KAR, wantchito wa boma, kapena imfa yake inafika kukhoti. Phindu la Zomba n'lakuti gogo akakuuzani kuti maliro anachitika chaka chomwe madzi anasefukira kapena chomwe mfumu yakuti inalowa ufumu, kumeneko mukhoza kupeza chaka chake.

Kwa DC kumathandiza ngati womwalirayo anasiya chuma chamasiye chomwe chinadutsa m'manja mwa boma, monga ndalama za penshoni kapena chipukutamisozi, komanso pa imfa zonse za kuyambira 2015. Pa zimenezi kumbukirani kuti Golomoti ali kufupi ndi malire a Ntcheu, ndipo odwala ena a kuchigwa kuno amathera ku zipatala za ku Salima kapena Mangochi. Kafunseni ku boma lomwe munthuyo anamwalirira.

Mukafufuza monsemu tsiku lenileni osapezeka, pachiliza musalembepo tsiku longopeka pofuna kuti mwala uoneke wodzaza. Lembani kuti "anamwalira cha m'ma" ndi chaka chomwe mboni zambiri zagwirizana, ndipo m'kope lanu mulembe yemwe anakuuzani chilichonse ndi tsiku lomwe anakuuzani. Adzukulu anu akadzapeza umboni wina adzadziwa poyambira.

Pomaliza, Mayi, ulendowu musaudikiritse mpaka ndalama za simenti zitakwana. Mabuku a ku Mua akudikirani, koma amalume ndi mayi aang'ono akukula. Pitani mwezi uno, muwajambule mawu pafoni atakulolani, ndipo pamene muli komweko fufuzani ngati abale omwe anatisiya kuyambira 2015 analembetsedwa. Ngati sanalembetsedwe, yambirani kwa amfumu kuti akuchitireni umboni, mukatenge zikalata zawo ku ofesi ya kalembera ku Dedza.