Galasi la Sola la Padenga la Tchalitchi ndi Mzikiti

Galasi la sola ndi galasi lomwe limaikidwa padenga m'malo mwa lata kuti lizilowetsa kuwala m'nyumba, uku likupanga magetsi. Limafanana ndi malata apulasitiki olowetsa kuwala aja, koma ilo lili ndi timaselo ta sola m'kati mwake.

Mmene limagwirira ntchito

Timaselo ta silikoni timamatidwa pakati pa magalasi awiri olimba, motalikirana pang'ono. Dzuwa likawomba timaseloto timapanga magetsi, pomwe kuwala kumadutsa m'mipata n'kugwera pansi ngati mawanga a mthunzi wa mtengo. Magetsiwo amakhala a DC. Amasungidwa m'mabatire, ndipo invata imawasandutsa a AC, omwe zipangizo zambiri zimafuna.

Ubwino wake m'nyumba zopemphereramo

Matchalitchi ndi mizikiti imakhala ndi madenga aakulu, koma pakati pake pamada chifukwa mazenera ali kutali. Galasili limawalitsa pamenepo, moti masana anthu amawerenga osayatsa mababu. Magetsi osungidwa amayendetsa chimkuzamawu, kiyibodi ya kwaya ndi mafani, komanso amathandiza pa mapemphero a mbandakucha ndi a usiku. Masiku omwe anthu sasonkhana, magetsiwo angathe kupopa madzi kapena kuunikira sukulu yapafupi.

Mwachitsanzo, tchalitchi cha Cathedral of the Holy Family ku Saskatoon, m'dziko la Canada, chinaika maselo a sola oposa 1,000 m'mazenera ake amitundumitundu, omwe anakonza ndi mmisiri Sarah Hall.

Zoyenera kudziwa pogula

Galasi likamalowetsa kuwala kwambiri, magetsi ake amachepa, chifukwa timaselo timakhala tochepa. Panelo wamba amatulutsa mawati pafupifupi 200 pa sikweyamita dzuwa lili paliwombo. Galasi la sola silifika pamenepo, komanso ndi lokwera mtengo. Choncho mpingo wofuna magetsi okha umapindula ndi mapanelo wamba. Galasili ndi la pomwe pakufunika kuwala ndi magetsi pamodzi.

Kaikidwe

- M'mayiko a kummwera kwa equator, monga Malawi ndi Zambia, galasi lipenye kumpoto.
- Lipendekeke ndi madigiri 10 mpaka 15 kuti madzi amvula azitsetsereka ndi fumbi.
- Pasakhale mthunzi wa mtengo kapena wa nsanja ya belu, pakuti mthunzi pa timaselo tochepa umafooketsa galasi lonse.
- Galasi ndi lolemera kuposa lata, choncho mmisiri ayambe waona ngati matabwa kapena zitsulo za denga zingalinyamule.
- M'mphepete mumatidwe bwino ndi labala ndi silikoni yomatira kuti musamadonthe.
- Mawaya alumikizidwe ndi katswiri wa chilolezo. Ku Malawi zilolezozi zimaperekedwa ndi bungwe la MERA.

Kasamalidwe

Nyengo ya chilimwe fumbi ndi zitosi za mbalame zimachepetsa magetsi. Galasi litsukidwe ndi madzi oyera ndi nsalu yofewa m'mamawa lisanatenthe, ndipo wotsuka asaliponde. Mvula isanayambe, zomatira ndi mawaya zionedwe. Mabatire amatha msanga kuposa galasi, choncho komiti ya tchalitchi kapena mzikiti iziika padera ndalama zogulira ena.