Malangizo: Maso Akamaona Mbali Imodzi Yokha

Munthu wodwala sitiroko akhoza kuchira n'kuyambanso kuyenda, koma n'kumangowombana ndi anthu mumsika wa Kawale, kapena kudzidzimuka njinga ya kabaza itamufika kale pamsewu wa ku Chinsapo. Achibale amati wayamba kusasamala. Ayi ndithu. Maso ake ali bwinobwino, chavulala ndi ubongo. Mbali ya kumanja ya ubongo ikavulala, maso onse awiri akhoza kusiya kuona zakumanzere.

Mu 2000, katswiri wa maso Eli Peli wa ku Boston anafotokoza za magalasi othandiza anthu otere. Pamwamba ndi pamunsi pa galasi la mbali yosaonayo amamatapo timizere ta pulizimu timene timapinda kuwala. Chochokera kumbaliyo chimayamba kuonekera, munthu n'kutembenuka msanga.

Magalasiwa sachiritsa, ndipo amafuna kuzolowera. Magalasi owerengera ogula pamsika sangalowe m'malo mwake. Wodwala akayezetse ku Lions Sight First Eye Hospital, pa chipatala cha Kamuzu Central, n'kufunsa ngati angamuthandize. Pakadali pano azitembenuza mutu wonse asanawoloke msewu, womuperekeza aziyenda mbali yosaonayo, ndipo mankhwala a BP asawasiye.