Kwa mphwanga amene ukulemba pulogalamu ya sikimu ya Wovwe

Mphwanga, wandiuza kuti ukulemba pulogalamu ya C yowerenga mafomu a alimi a mpunga a pa sikimu ya Wovwe, aja odzazidwa pa foni ndi ODK. Mafomuwo amafika ali XML, choncho udzagwira ntchito ndi libxml2, laibulale imene Daniel Veillard anayamba kulembera GNOME kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ndi yodalirika, koma poyambira ndi pomalizira pamafunika kusamala.

Mu main(), usanadzutse thread ina iliyonse, lemba LIBXML_TEST_VERSION, kenako uitane xmlInitParser() kamodzi kokha. Mzere woyambawo umaona ngati laibulale yomwe ili pa kompyutayo ikugwirizana ndi imene unamangira pulogalamu. Wachiwiriwo umakonza zinthu zimene ma thread onse adzagawana. Ukaidumpha mizere iwiriyi, ma thread awiri akhoza kuthamangira kukonza zinthuzo nthawi imodzi, pulogalamu n'kugwa lero, mawa n'kuyenda ngati palibe kanthu. Pa laputopu yako vutoli silidzaoneka. Lidzadikira nthawi yokolola, mafomu atachuluka, alimi ali pa mzere. Mitundu yatsopano ya laibulaleyi imadziyambitsa yokha, inde, koma sudziwa kuti kompyuta ya ku ofesi idzakhala ndi mtundu wa chaka chiti. Mzere umodzi sungakutopetse.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi xmlCleanupParser(). Achinyamata ambiri amauitana akangomaliza fayilo iliyonse, poganiza kuti akusesa. Ayi ndithu. Umachotsa zinthu za pulogalamu yonse, kuphatikizapo zimene laibulale zina zikugwiritsa ntchito iwe osadziwa. Zili ngati kutseka chipata cha ngalande yaikulu kumtsinje wa Wovwe chifukwa munda wako wadzaza madzi, anzako akumunsi asanathirire. Fayilo imene wamaliza umaimasula ndi xmlFreeDoc(). Koma xmlCleanupParser() uuitane kamodzi, pulogalamu ikutsekedwa, ma thread onse atatha. Ngati ukukayika, usauitane n'komwe.

Ndipo fayilo yochokera kunja usaikhulupirire msanga. Poiwerenga ndi xmlReadFile() ika XML_PARSE_NONET kuti isapite pa intaneti, ndipo XML_PARSE_NOENT usaiyike, pakuti fayilo yokonzedwa mwachinyengo ikhoza kukoka zinsinsi za pa kompyutayo. M'mafomu amenewo muli mayina a anthu akwathu, kukula kwa minda yawo ndi ngongole zawo za feteleza.