Nkhokwe Yobooka Pansi

Kuno ku Nsadzo, m'boma la Chifunde, timadziwa kuti mbava yochenjera siithyola chitseko cha nkhokwe. Imaboola pansi, n'kumatapa chimanga usiku uliwonse mwini ali mtulo. Mbava za pa intaneti zimachitanso chimodzimodzi.

Pa 9 Meyi 2022, kutsidya kwa malire a Cassacatiza, makina ena a Bank of Zambia anasokonezeka, kuphatikizapo webusaiti yake. Owasokonezawo anali a gulu la Hive, lomwe linkakonda kuyamba lakopera mafayilo mwakachetechete, kenako n'kutseka makompyuta, n'kumaopseza kuti liulula zonse likapanda kupatsidwa ndalama. Bankiyo inakana kulipira.

Ife tinkayesa kuti zotere n'za ku Lusaka kokha.

Mlembi wa kalabu yathu ya alimi ankasunga mu laputopu mayina athu, manambala a ziphaso za BI ndi manambala a foni olandirira ndalama. Tsiku lina anaona kuti mamega akutha msanga, kagetsi ka modemu kakungophethira ngakhale palibe amene akugwira makinawo. Anati ndi netiweki, nagula mamega ena. Masiku atatu akugulira mbava njira yotulutsira katundu wathu!

Atazindikira, mtima unali m'mwamba. Anathamangira kwa mnyamata wokonza mafoni pamsika kuti afufute zonse. Apa ndi pamene pamandipweteka. Kufufutako kunachotsa mapazi a mbava, moti sitinadziwe zomwe zatuluka ndi kumene zapita. Pasiwedi ya imelo inali yomweyo, choncho mbavayo inkalowabe. Ndipo chifukwa cha manyazi, sanauze munthu.

Akanangozula modemu nthawi yomweyo, kompyuta n'kuisiya yoyaka kuti wodziwa adzaone zomwe zinkachitika mkatimo, njira ikanatsekeka umboni ulipo. Mapasiwedi akanawasinthira pa foni ina, chifukwa makina olowedwa amatha kuulula chilichonse chomwe ukulemba. Ifeyo akanatiitana tsiku lomwelo pansi pa mtengo wa mango, n'kutiuza kuti aliyense asapereke PIN kwa woimba foni.

Patapita milungu iwiri, foni ya azakhali anga inalira. Woimbayo anawatchula dzina lonse, nawawerengera nambala ya BI osaphonya, n'kuti akufuna kukonza akaunti yawo. Iwo anati munthu wodziwa zonsezi sangakhale wakuba. Anatchula manambala anayi a PIN aja, ndipo ndalama za soya wa chaka chonse zinapita dzuwa lisanalowe.