Gemu Yakana Kulowa: Mafunso ndi Mayankho pa Mafoda a Android/obb ndi Android/data

M'makomboni a Lusaka magemu akuluakulu amayenda pamanja. Wina ku Matero adawuniloda usiku ndi bandulo yotchipa, mawa lake fayiloyo yafika ku George pa Xender, pofika Loweruka ili kale m'mafoni a ku Kanyama ndi ku Chawama. Vuto limabwera poika. APK ilowa bwinobwino, koma mukati muike mafayilo a gemuyo pamalo pake, foni ikuyankhani kuti "Access denied", kapena foda ioneka yopanda kanthu. Mafunso ali pansipa ndi amene eni mafoni amapita nawo kwa okonza mafoni mu Katondo Street ndi m'misika ya m'makomboni.

Kodi foni yanga yaonongeka?

Ayi, ndipo musalipire munthu kuti aifulashe. Chitsekocho adatseka dala ndi a Google. Kale pulogalamu iliyonse imene mwailola kuona mafayilo inkatha kulowa m'mafoda onse a mu Internal storage, kuwerenga za inzake, kusintha kapena kufufuta. Mu 2019, pa Android 10, Google idayamba kuchepetsa ufulu umenewu. Android 11, imene idatuluka mu September 2020, idakhwimitsa lamulolo: mafoda a Android/data ndi Android/obb adatsekedwa kwa mapulogalamu oyendetsera mafayilo monga ZArchiver. Zili ngati pa midadada ya lendi: pabwalo ndi pa mpopi aliyense amafika, koma chipinda chilichonse chili ndi loko wake, ndipo kiyi ali ndi wokhalamo yekha. Foda ya Download, ya DCIM ndi ya Music ndiye pabwalopo. Android/data ndiye zipinda.

Kwa zaka pafupifupi ziwiri panali kampata. ZArchiver inkakutumizani ku tsamba lolembedwa "Use this folder", mukadina, njira yatseguka. Android 13 ya mu August 2022 idatseka kampatako, ndipo pambuyo pake zosintha zodzera pa Google Play zidakatsekanso m'mafoni ena a Android 11 ndi 12. N'chifukwa chake foni imene inkalola chaka chatha imatha kukana lero mwini wake asanasinthe kalikonse.

Nanga bwanji Tecno yakale ya mnzanga imalola?

Chifukwa ili ndi Android 9 kapena 10. Onani yanu ku Settings, About phone, pa Android version. Dzina la kampani silinena zambiri pano. itel, Infinix, Tecno, Redmi ndi Samsung zonse zimatsatira lamulo limodzi.

APK, OBB ndi data, kodi si chinthu chimodzi?

Ndi zinthu zitatu, ndipo ambiri amavutika chifukwa chosakaniza. APK ndiyo pulogalamu yeniyeniyo. Kwa zaka zambiri Google Play sinkalola APK yoposa 100 MB, motero opanga magemu ankaika zithunzi, mawu, mabwalo ndi mapu mu fayilo ina ya OBB, imene inkatha kufika 2 GB. Fayiloyi ili ndi malo amodzi okha: mu Android/obb, mkati mwa foda yokhala ndi dzina la mkati la gemuyo. Dzinali si limene mumaona pansi pa chithunzi cha gemu. GTA San Andreas ndi com.rockstargames.gtasa, Free Fire ndi com.dts.freefireth, PUBG Mobile ndi com.tencent.ig, eFootball ndi jp.konami.pesam. Dzina la fayiloyo limayamba ndi main kapena patch, kenako nambala, kenako dzina la mkati lija, n'kuthera ndi .obb.

Android/data ndi kumene magemu ambiri amasunga zimene mwasewera: pamene mwafika, timu yanu, zimene gemu yadawuniloda yokha. Amene amasintha magemu a mpira kuti muoneke yunifolomu ya Chipolopolo kapena matimu ngati Nkana ndi Power Dynamos kawirikawiri amakupatsani foda yolowa kumeneku. Mafoda awiriwa sanatsekedwe mofanana. La obb ndi losavuta, la data ndiye lolimba, choncho yambani mwadziwa limene mukufuna kulowa.

Ndapereka kale chilolezo cha All files access. Ikukaniranjibe?

Dzina la chilolezocho limanyenga. Chimatsegula pafupifupi paliponse kupatula mafoda awiri amene mukuwafunawo. Chimene chimathandiza pa Android/obb ndi china, chimene ambiri sachiganizira: Install unknown apps. Android imaona kuti pulogalamu yololedwa kuika ma APK iyeneranso kutha kuika OBB yake, ndiye imaitsegulira foda imeneyi.

Pitani ku Settings, Apps, Special app access, Install unknown apps, sankhani ZArchiver, ndipo yatsani Allow from this source. Mayina a masambawa amasiyanako pang'ono, choncho ngati simukuwaona lembani "unknown" pa malo osakira a mu Settings. Mukatero itsekeni ZArchiver ndi Force stop, muitsegulenso, muyese kukopera. M'mafoni ambiri nkhani ya OBB imathera pamenepa, osalipira ngwee. Pa Android/data njirayi sithandiza.

OBB yalowa, koma gemu ikuti "Download failed because you may not have purchased this app". Ndalakwitsa pati?

Uthengawu kawirikawiri umatanthauza kuti gemu yafuna OBB yake pamalo pake n'kuisowa. Tsegulani Android/obb muyang'ane mwachifatse. Cholakwika chofala kwambiri ndi foda mkati mwa foda: mwamasula zip, mwakopera, koma mukatsegula com.rockstargames.gtasa mupezamo com.rockstargames.gtasa inanso, ndipo fayilo ili mkati mwa yachiwiriyo. Gemu sifufuza mpaka kumeneko. Itulutseni fayiloyo ikhale mu foda yoyamba.

Kenako werengani dzina chilembo ndi chilembo. Fayilo imene yatumizidwa kawiri imabwera ndi kanambala kowonjezera kumapeto kwa dzina, ina imathera ndi .zip m'malo mwa .obb. Ena amalakwitsa mbali inayo: amaimasula OBB yeniyeniyo chifukwa ZArchiver imatha kuitsegula. OBB simasulidwa, imaikidwa mmene ilili.

Chachitatu ndi nambala ya pakati pa dzina ija. Imayendera limodzi ndi mtundu wa APK. Ngati APK mwatenga kwa mnzanu wa ku Mtendere, OBB kwa msuweni wa ku Kalingalinga, ndipo mmodzi wa iwo adasintha gemu yake mwezi watha, ziwirizo sizigwirizana. Kusintha nambala pamanja nthawi zina kumainyenga gemu kuti itseguke, koma kawirikawiri imadzaima pa skirini yakuda. Tengani zonse ziwiri kwa munthu mmodzi, tsiku limodzi. Onaninso kukula kwake: fayilo imene kwa mnzanu ndi 1.8 GB koma kwa inu ndi 900 MB idadukira panjira.

Nanga Android/data ndilowamo bwanji?

Njira yodalirika ndi kompyuta. Lamulo lija limamanga mapulogalamu a m'foni, koma kompyuta yolumikizidwa ndi chingwe cha USB imaonabe mafoda onse awiri. Lumikizani, tsitsani uthenga wa pamwamba pa foni, sankhani File transfer, kenako pa kompyuta tsegulani Internal storage, Android, data. Yambani mwatsegula gemu kamodzi kuti ipange foda yake yokha, muitseke, ndipo mafayilo muwakopere mkati mwa fodayo.

Ngati foni ikungochaja osaoneka pa kompyuta, kayikirani chingwe musanakayikire foni. Zingwe zambiri zotchipa za pamsika zili ndi mawaya a moto okha, za data mulibe. Amene alibe kompyuta apite kwa oika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni kapena pa kafe ya intaneti. Khalani pomwepo mpaka amalize. Foni yosakiya imene yalumikizidwa pa File transfer imaonetsa zithunzi zanu zonse kwa amene ali pa kompyutayo.

Kompyuta palibiretu. Pali njira ya pafoni pokha?

Ilipo, dzina lake Shizuku, ndipo imapezeka pa Play Store mwaulere. Imabwereka mphamvu zimene opanga mapulogalamu amagwiritsa ntchito poyesa mafoni, n'kuzipereka kwa pulogalamu imene inu mwasankha. Imafuna Android 11 kapena kuposa, komanso Wi-Fi. Hotspot ya foni ya mnzanu ikwanira.

Pitani ku About phone, dinani Build number kasanu ndi kawiri mpaka foni ikuuzeni kuti Developer options yatseguka. Lumikizani ku Wi-Fi, lowani mu Developer options, yatsani Wireless debugging. Mu Shizuku sankhani Pairing. Bwererani ku Wireless debugging, dinani Pair device with pairing code, ndipo pabwera manambala 6. Musachoke patsambalo, chifukwa mukachoka manambala asintha. Tsitsani uthenga wa Shizuku pamwamba, muwalembe mmenemo. Zikagwirizana bwererani ku Shizuku mudine Start. Chotsala ndi kulowa mu Settings ya ZArchiver yatsopano, kusankha Shizuku ngati njira yolowera, ndi kuvomera ikakufunsani.

Mafoni a Tecno, Infinix ndi Redmi amakonda kupha mapulogalamu ogwira ntchito kumbuyo pofuna kusunga batire, ndiye ngati Shizuku ikuzima yokha, ichotseni pa mndandanda wa Battery optimization. Dziwaninso kuti foni ikazima Shizuku iyenera kuyatsidwanso. Amene adakhala ku Lusaka mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, malaiti n'kumapita pafupifupi tsiku lonse, akudziwa kuti foni imazima kangati pa sabata. Koma musade nkhawa: mafayilo amene mwakopera kale sachoka. Shizuku ifunika pa nthawi yokopera yokha, ndipo mukamaliza zimitsani Wireless debugging ndi Developer options, chifukwa mapulogalamu ena a mabanki amakana kutseguka izi zikayaka.

Ndaona vidiyo yonena kuti ndichotse ma update a pulogalamu ya Files. Nditero?

Imagwira m'mafoni ena, makamaka a Android 11 ndi 12, chifukwa imabweza pulogalamuyo ku mtundu wakale umene udali ndi kampata kaja. Koma ma update amabwerera okha pakapita masiku, ndipo zimene mukuchotsazo ndi zigamba za chitetezo. Ine ndingaiike kumapeto kwenikweni. Onaninso chaka cha vidiyo musanaitsatire, chifukwa zambiri za mu 2021 zikuphunzitsa njira imene idafa.

Ine ndimasewera mpira pa PPSSPP. Zimenezi zikundikhudza?

Pang'ono chabe, mukasankha bwino poyamba. Kuyambira pa mtundu wa 1.12 wa mu 2021, PPSSPP imakufunsani kumene isunge foda yake ya PSP. Mukadumpha funsolo, imaisunga mu Android/data, ndipo tsiku limene mufuna kuika SAVEDATA kapena TEXTURES mupeza chitseko chotseka. Pangani foda yanu yotchedwa PSP pamalo oonekera mu Internal storage, muisankhe imeneyo. Amene mudadumpha kale mutha kusintha ku Settings, System, pa Memory Stick folder. Fayilo ya ISO itha kukhala mu Download kapena pa memori khadi.

Mnzanga wanditumizira XAPK. Ndiyo chiyani?

Ndi phukusi lokhala ndi APK ndi mafayilo ake pamodzi. Foni siitsegula yokha, pafunika pulogalamu yoika ma XAPK, imene imaika OBB pamalo pake mukaipatsa chilolezo cha Install unknown apps. Magemu atsopano ambiri alibenso OBB n'komwe. Kuyambira mu August 2021 Google Play imafuna kuti mapulogalamu atsopano abwere m'zidutswa zingapo zogwirizana ndi mtundu wa foni. Ndicho chifukwa chake APK imodzi yotumizidwa kuchokera ku foni ina nthawi zina imalowa koma osatseguka: zidutswa zina zidatsala.

Foni ikungoti "App not installed".

Ili ndi vuto lina, la APK yeniyeniyo. Kawirikawiri m'foni muli kale gemu yomweyo yochokera kwina, ndipo Android silola ziwiri za dzina limodzi zosainidwa ndi anthu osiyana. Muyenera kuchotsa yakaleyo, koma chenjerani: mukachotsa gemu, foda yake ya mu obb ndi ya mu data zimapita nayo. Koperani OBB ku Download musanachotse, apo ayi mugulanso bandulo. Magemu akale kwambiri ali ndi vuto lawolawo, chifukwa Android 14 imakana kuika pulogalamu yopangidwira Android yakale kuposa 6. Pa Samsung zatsopano onani Auto Blocker mu Security and privacy, imene imakana APK iliyonse yosachokera ku Play Store kapena Galaxy Store.

Wokonza mafoni akuti aichite root, zonse zitseguka. Ndivomere?

Zitsegukadi, koma mtengo wake ndi waukulu kuposa gemu. Root imayamba ndi kutsegula bootloader, kumene kumafufuta zonse za m'foni, waranti imatha, ndipo mapulogalamu ambiri a mabanki ndi a ndalama amakana foni ya root. Foni imene mukuseweretsayo ndi yomweyo ili ndi Airtel Money kapena MoMo, mwina ndi ya amayi anu imene amalandirirapo ndalama za pa kantemba. Ngati ndi ya ngongole yolipira pang'onopang'ono, musayese n'komwe. Zoterezi zimakhala ndi loko wa kampani, zambiri Developer options ndi yotsekeratu, ndipo kuyesa kulambalala lokoyo ndi kuswa pangano. Kwa inu njira yolowera mu Android/data ndi chingwe ndi kompyuta basi.

Chenjezo lomweli likhudza magemu osinthidwa aja olonjeza ndalama zosatha. Gemu ya mpira ilibe chifukwa chopempha kuwerenga ma SMS anu kapena chilolezo cha Accessibility. Ikapempha, ichotseni, chifukwa m'ma SMS ndimo mumabwera manambala otsimikizira ndalama. Pa magemu a pa intaneti ngati Free Fire ndi PUBG Mobile, kusintha mafayilo kumatsekeretsa akaunti. Ndipo GTA San Andreas ndi gemu yogulitsa: imene ikuyenda mwaulere pa Xender sidachoke kwa Rockstar Games, ndipo palibe akudziwa amene adaigwirapo isanafike kwa inu.

Kukopera kwaima pakati, akuti malo atha, chonsecho foni ikuonetsa kuti malo alipo.

Werengani bwino. Zip ya 2 GB ikamasulidwa imatulutsa ina 2 GB kapena kuposa, ndipo mukasankha Copy m'malo mwa Cut pabwera yachitatu. Pa foni ya 32 GB imene theka lake ladyedwa ndi Android ndi mavidiyo a pa WhatsApp, zimenezi sizikwana. Ikani zip pa memori khadi, muimasulire molunjika ku Android/obb, kapena masulani, fufutani zip, kenako musamutse ndi Cut. OBB yokhayo ikhale mu Internal storage, chifukwa gemu siifuna pa khadi. Khadi ya FAT32 nayonso silandira fayilo imodzi yoposa 4 GB, ngakhale khadiyo ikhale yopanda kanthu.