Phunziro 9: N'chifukwa chiyani kwathu timaphunzira m'Chingelezi?

Ana inu, kuno ku Dubai mwina mwamvapo anzanu a ku Senegal kapena ku DR Congo akulankhula Chifalansa. Chinafikako bwanji? Senegal inkalamulidwa ndi France, Congo ndi Belgium, ndipo atsamundawo anabwera ndi chinenero chawo. Nkhani ya kwathu ndi yomweyo, kungoti atsamunda ake ndi ena.

Britain inayamba kulamulira dziko lathu mu 1891. Chaka chomwecho inagwirizana ndi Portugal za malire, osasamala kuti akudula pakati pa anthu amodzi. Mukadzapita kutchuthi, mudzaime pa Lizulu, pakati pa Dedza ndi Ntcheu. Mbali ina ya msewu wa M1 ndi Malawi, inayo ndi Mozambique. Pamsika onse amatsatsa kachewere ndi kabichi m'Chichewa, koma kusukulu mwana wa mbali ino amati "good morning", wa tsidya linalo "bom dia".

Nanga titalandira ufulu mu 1964, bwanji Chingelezi sichinachoke? Malamulo, makhoti ndi mayeso zinali kale m'Chingelezi. Komanso tili ndi zinenero zambiri: Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi zina. Mu 1968 boma linakweza Chichewa kukhala chinenero cha dziko, koma Chingelezi chinatsalabe m'maofesi.

Ntchito
1. Mawu akuti nsapato anachokera ku Chipwitikizi, sapato. Nanga supuni ndi buku?
2. Imbirani agogo, muwafunse kuti ankaphunzira m'chinenero chanji ali Sitandade 1. Mudzatiuze Loweruka likubwerali.