Madzi alowa m'nyumba

Tiwerenge

Kwathu ndi ku Ulónguè, m'boma la Angónia. Nyumba yathu ili pamalo otsetsereka. Pansi pa nyumba pali kacipinda kakang'ono. Kacipindako kali m'nthaka. Timatsika masitepe anayi kuti tilowemo. Abambo amasungamo cimanga ndi nyemba.

Tsiku lina m'mwezi wa Januwale, mvula inayamba madzulo. Inagwa usiku wonse. Malata anali kulira kwambiri.

M'mawa ndinatsegula citseko ca kacipinda. Ndinaona madzi! Anali madzi ofiira, a matope. Masitepe awiri anamira. Mpira wanga unali kuyandama pakati.

Ndinafuna kutsika. Amayi anandigwira mkono.

— Ima, mwanangu! Usaponde m'madzimo.

— Amayi, mpira wanga uli m'kati.

— Mpira usiye kaye. M'menemo muli waya wa magetsi. Magetsi amayenda m'madzi. Ukapondamo, ukhoza kufa.

Ndinabwerera m'mbuyo. Ndinacita mantha.

Bokosi la magetsi lili pakhonde. Pakhonde panali pouma. Abambo anapukuta manja. Anaima pouma ndipo anazimitsa magetsi onse.

Agogo anabwera ndi ndodo yawo yaitali.

— Tengani ndodo iyi. Muyambe mwagogoda matumba. Njoka nayo imathawa madzi.

Abambo anagogoda thumba loyamba. Panalibe kanthu. Anagogoda laciwiri. Njoka inatuluka! Inakwera khoma ndi kutulukira pazenera. Tonse tinaima kutali.

Tinadikira kuti mvula ileke. Masana madzi a pabwalo anapita. Anansi athu anabwera ndi ndowa zawo. Abambo anavala majombo ndi kutsika. Acimwene anaima pamasitepe. Amayi anaima pakhomo. Ndowa inali kucoka kwa uyu kupita kwa uyo. Anansi anali kutaya madzi kumunsi, kutali ndi nyumba.

— Amayi, nanga ine nditani?

— Iwe ukhale pamphasa ndi mwana. Umuyang'anire, asakwawire kumadzi. Uziwerenganso ndowa.

Ndinatola timiyala. Ndowa ikatuluka, ndinali kuika kamwala kamodzi pambali. Dzuwa polowa, timiyala tinakwana 20. Madzi anacepa, koma sanathe. Tinamaliza m'mawa mwake.

Cimanga cathu

M'kacipinda munali matumba 6 a cimanga. Matumba 4 anali pamwamba ndipo sananyowe. Matumba 2 anali pansi. Amenewa anamira m'madzi.

— Tiyanike cimanga conyowaci, cidzauma, anatero acimwene.

Agogo anapukusa mutu.

— Iyayi, mdzukulu wanga. Madzi awa anadutsa kucimbudzi. Anadutsanso kukhola la nkhumba. Ali ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Tikadya cimanga cimeneci, tidzadwala.

Amayi anakhala cete. Cimangaco analima ndi manja awo. Kenaka anati:

— Agogo anena zoona. Cimanga tidzalima cina.

Abambo anakumba dzenje kumunda. Anakwirira cimanga conyowaco. Matumba anayi aja tinawatulutsa. Dzuwa litawala, tinayanika cimanga cake pamphasa. Nyemba zinali m'cidebe cotseka, pamwamba pa tebulo. Madzi sanafikepo.

Titsuka ndi kuumitsa

Pansi panatsala matope ambiri. Abambo anawacotsa ndi fosholo. Amayi anakolopa ndi madzi a sopo. Anatsukanso makoma. Tinasiya citseko ndi zenera zotsegula masiku ambiri, kuti mphepo ilowe.

Titamaliza nchito, tonse tinasamba m'manja ndi m'miyendo ndi sopo. Amayi anaphitsa madzi akumwa mpaka anawira.

Tsiku lacitatu Abambo ndi acimwene anatenga makasu. Anakumba ngalande kumtunda kwa nyumba. Ngalandeyo inazungulira nyumba ndi kutsikira kumunsi. M'kacipinda anasanja njerwa. Pamwamba pa njerwa anaika matabwa. Matumba anakhala pamatabwapo.

Madzulo Amayi anandiitana.

— Bwera, mwanangu. Tenga.

Unali mpira wanga! Anautsuka ndi sopo.

— Zikomo, Amayi!

Patapita sabata imodzi, mvula yaikulu inagwanso. M'mawa ndinathamangira kukacipinda. Ndinaima pakhomo ndi kusuzumira. Pansi panali pouma. Madzi anapita ndi ngalande.

Tiyankhe mafunso

1. Kodi mvula inagwa m'mwezi uti?
2. Kodi mwana anaona ciyani m'kacipinda?
3. Cifukwa ciyani Amayi anamugwira mkono?
4. Kodi Abambo anaima pati pozimitsa magetsi?
5. Ndani anabweretsa ndodo? Ndodoyo inagwira nchito yanji?
6. Cifukwa ciyani banja silinadye cimanga conyowa?
7. Kodi ngalande inathandiza bwanji?
8. Kodi madzi analowapo m'nyumba mwanu? Fotokozerani anzanu.

Tichule ndi kulemba

madzi: ma-dzi

dza dze dzi dzo dzu

dzanja, dzenje, dziwe, dzombe, dzuwa

mvula: mvu-la

mva mve mvi mvo mvu

kumva, mamvekedwe, imvi, mvuu

Lembani mawu awa m'makope mwanu:

Madzi alowa m'nyumba.

Mvula yaleka.

Dzuwa lawala.

Malizani mawu awa:

ma _ _ _ (timamwa)

_ _ _ la (imagwa kumwamba)

_ _ _ wa (limawala masana)

Tiwerengere

Matumba anali 6. Matumba 2 ananyowa. Kodi anatsala angati?

Masitepe ndi 4. Masitepe 2 anamira. Kodi osamira ndi angati?

Acimwene ananyamula ndowa 3. Amayi ananyamula ndowa 4. Kodi zonse pamodzi ndi zingati?

Tolani timiyala 20. Tigaweni m'milu iwiri yofanana. Kodi mulu umodzi uli ndi timiyala tingati?

Tilankhule Cipwitikizi

Mverani aphunzitsi, kenaka muchule.

madzi: água

mvula: chuva

nyumba: casa

ndowa: balde

matope: lama

sopo: sabão

njoka: cobra

Tikumbukire

Madzi akalowa m'nyumba, ndiitana munthu wamkulu.

Sindiponda m'madzimo.

Sindigwira waya kapena nyali ya magetsi.

Sindisewera m'madzi osefukira.

Sindimwa madzi osaphitsa.

Ndisamba m'manja ndi sopo.

Ticite

Jambulani nyumba yanu. Jambulaninso ngalande yoizungulira. Onetsani kumene madzi amapita.

Pabwalo la sukulu, umbani kanyumba ka dothi pamalo otsetsereka. Thirani madzi kumtunda kwake. Mwaona ciyani? Tsopano kumbani kangalande ndi kamtengo. Thiraninso madzi. Madzi apita kuti?

Mukafika kunyumba, funsani makolo: kodi mvula ikagwa, madzi a pabwalo pathu amapita kuti?

Kwa makolo

Werengani nkhaniyi pamodzi ndi mwana wanu. Mulekeni achule yekha mawu amene akuwadziwa.

Kuno kwathu mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Malici kapena Epulo. Zaka zina imagwa yambiri m'masiku owerengeka. Mu Januwale 2022 namondwe wochedwa Ana anadzaza mtsinje wa Revúbuè, ndipo mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize unaduka. Madzi analowa m'nyumba zambiri. Nyumba za kufupi ndi mtsinje, za m'dambo ndi za pamalo otsetsereka ndizo zimayamba kulowa madzi. Nyumba zambiri zilibe cipinda ca pansi, koma malangizo awa ndi a nyumba iliyonse.

Yambani ndi anthu. Tulutsani ana, okalamba ndi odwala. Katundu abwere pambuyo. Ngati madzi akukwerabe, cokani msanga, mupite kumalo okwera. Madzi othamanga akafika masentimita 15 okha, akhoza kugwetsa munthu wamkulu. Mwana amamira ngakhale m'madzi ocepa, conco musamusiye yekha.

Zimitsani magetsi pokhapokha ngati bokosi lake lili pouma ndipo inunso mwaima pouma. Ngati bokosilo lili m'madzi, musaligwire. Tulukani, muitane wodziwa za magetsi. Musayatsenso mpaka iye ataona mawaya onse.

Yang'anani makoma musanalowe. Khoma la dothi kapena la njerwa zosaocha likamwa madzi limafewa, ndipo likhoza kugwa. Ngati lang'ambika kapena lapendekeka, musagone m'nyumbamo. Madzi a m'cipinda ca pansi musawacotse onse nthawi imodzi pamene nthaka ya kunja idakali yodzala madzi. Nthaka yonyowa imakankha khoma. Dikirani madzi a kunja apite, ndipo mucotse pang'onopang'ono.

Madzi osefukira amadutsa m'zimbudzi, m'makhola ndi m'maenje a zinyalala. Ndiye cifukwa cake matenda otsegula m'mimba amaculuka nyengo ya mvula. M'caka ca 2023 kolera inagwira anthu ambiri m'cigawo ca Tete ndi m'zigawo zina za Mozambique. Cakudya cimene camira m'madzi otere, citayeni. Musadyetse nkhuku kapena nkhumba cimanga ca cuku, pakuti cuku cina cili ndi poizoni amene satha ngakhale mutaphika. Phitsani madzi akumwa mpaka awire kwa mphindi imodzi, kapena thiranimo mankhwala a klorini monga Certeza, motsata zolembedwa pabotolo. Asungeni m'ciwiya cotseka.

Mwana akayamba kutsegula m'mimba, mupatseni madzi a mankhwala a m'paketi ocokera kucipatala. Ngati mulibe, tengani lita imodzi ya madzi ophitsa, muikemo masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere. Masupuniwo asakhale odzaza mulu. Mumwetseni pang'onopang'ono ndipo mupite naye kucipatala tsiku lomwelo. Wa kubere apitirize kuyamwa.

Cotsani matope msanga, mutsuke ndi sopo, mutsegule zitseko ndi mazenera. Zinthu zonyowa zimayamba nkhungu pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Yanikani mphasa, mabulangete ndi zovala padzuwa mutazicapa. Kwirirani zithaphwi za pabwalo, pakuti udzudzu umaswana m'madzi oima. Banja lonse ligone m'masikito.

Mvula isanayambe, kumbani ngalande kumtunda kwa nyumba ndipo muziikonza ikadzala mcenga. Gwirizanani ndi anansi anu, kuti madzi anu asapite m'nyumba mwawo. Sanjani matumba a cakudya pamatabwa, osati pansi. Mbewu zobzala, makadi a kucipatala, zikalata za kubadwa ndi mabuku a ana muziike m'pepala la pulasitiki, pamalo okwera. Pomaliza, yendani ndi mwana wanu, mumuonetse malo okwera kumene banja lidzakumana ngati madzi abwera usiku.